Pepala Lopinda Patatu

Ana anga, Tadala ndi Wongani, mwakhala mukundifunsa chimene ndinabwererera msanga kuchokera ku Dubai kontirakiti yanga isanathe. Ndakhala ndikukuyankhani kuti ndi mawondo. Mawondowo akupwetekadi, koma si amene anandikweza ndege. Pano ndapuma, nthawi ndili nayo, ndiye ndilembe zonse kuti mudzaweruze nokha. Za ubwana wanga amalume anu anakuuzani kale, ndi zowonjezera zomwe. Ine ndiyambira pamene ndinagwira choko.

1984: Dedza

Ntchito yanga yoyamba inali pa sekondale ya atsikana ya mishoni m'boma la Dedza. Ananditumiza kukaphunzitsa Chingerezi, koma a hedi, sisitere wamfupi woyenda ngati akuthamangira basi, atamva kuti ndinaphunzira Chilatini ku koleji anandisenzetsanso kalasi imene wansembe wina wokalamba anaisiya pobwerera kwawo. Buku linali limodzi, atsikana odzaza chipinda. Makope ankafika pakati pa teremu, nthawi zina osafika n'komwe. Tsiku lina ndinapita ku ofesi kukadandaula. Sisitere anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nati, "Aphunzitsi, Aroma eni akewo analibe makope. Kaphunzitseni." Ndinatuluka nditafufuma ndi mkwiyo, chitseko ndinachitseka mwamphamvu kuti amve.

Mkwiyo umenewo ndi umene unabala njira yanga yophunzitsira. Ndinkathothola mapepala m'kope limodzi n'kupatsa mtsikana aliyense pepala lake. Ndinkawauza kuti alipinde patatu m'litali. M'gawo loyamba akopere Chilatini chimene ndalemba pa bolodi, m'gawo lapakati alembe liwu lililonse ndi tanthauzo lake, m'gawo lachitatu alembe nkhani yonse m'mawu awo. Kudumpha mzere kunali koletsedwa, kusiya malo m'mphepete kunali koletsedwa, ukafika pansi utembenuze. Wowononga pepala ankakatola zinyalala kuseri kwa khitchini. Atsikanawo anandipatsa dzina loti Mayi Patatu, ndipo ine mwini wake ndinalimva patatha zaka ziwiri, kwa mlonda.

1996: Ku koleji

Nditamaliza digiri yachiwiri ndinalowa ntchito pa koleji ina kummwera. Dipatimenti yathu, ya maphunziro a Agiriki ndi Aroma akale, inali ndi aphunzitsi atatu, ndipo ofesi yake inali kachipinda kamene kale ankasungiramo matsache. Mkulu wathu anali a Jere, munthu wamtali, wofatsa, woti ngakhale akukudzudzula umaganiza kuti akukupempha madzi akumwa. Ine ndinali wosiyana nawo. Ndimapsa mtima msanga, inunso ndinu mboni. Chaka chilichonse kunkamveka mphekesera yoti dipatimenti itsekedwa, ndipo pa misonkhano anzathu a zaulimi ankatiseka kuti, "Kodi Chilatini chanucho chimabereka matumba angati pa ekala?" A Jere ankangomwetulira. Ine ndinkayankha, ndipo kawiri ndinalandira kalata yondichenjeza. Mapepala kumeneko ankapezeka ndithu, koma kupinda patatu sindinakusiye, ndipo dzina la Mayi Patatu linanditsatira. Ndinali nditaona kuti mwana wokopera Chilatini ndi dzanja lake amachiwerenga mofatsa, sathamangira kulota tanthauzo.

Mwa ana onse amene anadutsa m'manja mwanga, mmodzi ndiyenera kumutchula. Dzina lake Felesiya, kwawo ku Ntcheu, ndipo anabwera cha mu 2009. Anali wosayankhulayankhula, wokonda kukhala pafupi ndi zenera, zolemba zake zing'onozing'ono ngati nyerere. Koma akakweza mkono kufunsa funso, ine ndinkapita nalo kunyumba funsolo, n'kumaliganizira ndikuphika. A Jere ankati, "Amayi, uyu ndiye adzatilowe m'malo." Ali m'chaka chachitatu anangosowa. Anzake anati ndi woyembekezera, mayi akenso akudwala kumudzi. Ndinakwiya ngati wandibera. Ndinati mwana wotaya mwayi ndi manja ake awiri sangandiyendetse ine, ndipo sindinamulembere ngakhale kakalata. A Jere anandipempha kuti tikamuone ku Ntcheu, ine ndinati ndili ndi mayeso oti ndichonge. Zimenezi ndikulemba ndi manyazi.

2017: Dubai

Bambo anu atamwalira, inu muli kwanu ndi mabanja anu, nyumba inandikulira. Ndinaona chilengezo choti koleji ina yaing'ono ku Dubai, imene sinditchula dzina, ikufuna mphunzitsi wa mbiri ndi zilankhulo zakale. Ndinalemba mongoyesa, ndipo nditalandira yankho ndinaliwerenga katatu poganiza kuti alakwitsa munthu. Anandipatsa kanyumba pamwamba kwambiri pa nsanja ina ku Dubai Marina. Sabata yoyamba ndinkaopa kuyandikira zenera. Komabe chimene chinandizunguza mutu kwambiri si nsanjazo, koma kabati ya mu ofesi. Munali mapepala oyera mitolomitolo mpaka kudenga, popanda loko, popanda wokusayinitsa. Ndinaima pamenepo kukamwa kuli yasa mpaka mnzanga wina wa ku India anandifunsa ngati ndikudwala. Ndiye ana akenso mapepalawo sankawakhudza n'komwe, aliyense ali ndi laputopu yake! Zopinda pepala sindinazitchule kumeneko ngakhale tsiku limodzi, ndinkaopa kusekedwa.

Amalawi anzanga ndinkakumana nawo ku tchalitchi Lachisanu, lomwe masiku amenewo linali tsiku lopuma. Ambiri anali amayi ogwira ntchito za m'nyumba. Ankandipatsa moni mwaulemu, "Muli bwanji aphunzitsi," kenako n'kukaima paokha kumaseka zawo. Ankandiuza kuti alipo anzawo ambiri amene sapatsidwa ofu ngakhale tsiku limodzi, oti ukhoza kukhala nawo mumzinda umodzi zaka zisanu osawaona. Ndinkamva, n'kupukusa mutu, n'kukwera sitima ya Metro kubwerera kwanga.

2020: Makoleji atatu m'kalasi imodzi

M'mwezi wa Malichi mliri wa korona unatitsekera m'nyumba. Ndege zinaima, matchalitchi anatsekedwa, msewu wa pansi pa zenera langa umene sunkagona unangoti zii. Ndinali ndisanaonepo mzinda wonse utakhala chete, ndipo ndinachita mantha ngati mwana. Tinkaphunzitsira pa kompyuta, kuyankhula ndi timabokosi takuda poti ana ambiri sankayatsa kamera. Cha mu Julayi a Jere anandiimbira. Anali atapuma, koma koleji inawaitananso chifukwa chosowa munthu. Anati, "Amayi, poti tonse talowa mu kompyuta, bwanji tingophatikiza makalasi? Ine ana ndili nawo koma mabuku ndilibe. Inu mabuku muli nawo koma ana ndi ochepa." Anali ndi mnzawo wina, a Hendrik, wophunzitsa pa koleji ina ku Holland, ndipo nawonso anavomera.

Tinayamba mu Seputembala. Lachiwiri lililonse masana ana a makoleji atatu ankalowa m'kalasi imodzi, ife aphunzitsi n'kumasinthana. Tinagwirizana kuti ana asamangomvera ife, koma aliyense achite kafukufuku wakewake, ngakhale anali a digiri yoyamba. Tinasankha ziliza za anthu wamba a ku Roma wakale, mawu amene achibale ankazokota pa miyala ya pamanda, poti zithunzi zake zimapezeka pa intaneti ndipo mwana wa ku Malawi akhoza kuziona pa foni. Wina anatenga ziliza za asilikali, wina za ophika buledi, wina za ana. Ndinasangalala ndi kalasi imeneyo kuposa ina iliyonse m'moyo wanga. Ana a a Jere ankadukaduka chifukwa cha netiweki, koma akabwerera ankatsutsa azungu a ku Holland aja mopanda mantha, ine kuno mtima uli mbee.

Malamulo ambiri ndinabwera nawo ndine, ndipo anali owuma. Ndinati kafukufuku akatha achongedwe ndi aphunzitsi a makoleji ena awiriwo, dzina la mwana litafufutidwa. Ndinati mwana aliyense azimasulira ndi cholembera papepala, n'kujambula, n'kutumiza kwa mphunzitsi wake, kuopa kuti angamamasulitse makina. Ndinati pamapeto mphunzitsi asayine fomu yochitira umboni kuti ntchitoyo ndi ya mwanayo. Ndipo ndinati wopezeka akubera atchulidwe ku makoleji onse atatu n'kuchotsedwa. A Hendrik anafunsa ngati sitikuwonjeza. Ndinawayankha kuti kwathu wakuba sitimunyengerera.

Okutobala 2020

Mwa ana anga a ku Dubai munali mtsikana wina, Nura, wa ku Al Warqa, dera lina la mumzindawo. Anali waulemu, wochedwa nthawi zonse, malikisi ake apakatikati. Iye anasankha ziliza za alezi, akazi amene ankayamwitsa ndi kulera ana a mabwana, ambiri mwa iwo akapolo. Zithunzi za ntchito yake zitafika ndinazitsegula ndikumwa tiyi. Kapu ndinaiika pansi. Pepalalo linali lopindidwa patatu m'litali, mizere ya mapindo ikuoneka bwinobwino. Kumanzere Chilatini, pakati liwu limodzilimodzi, kumanja tanthauzo. Panalibe mzere wodumphidwa, m'mphepete monse modzaza, kuseri kolembedwanso. Ndinadzifunsa kuti mwana wa ku Al Warqa, wobwera ku koleji pa galimoto yakeyake, angaumire pepala chifukwa chiyani? Zolembazo zinali zing'onozing'ono. Ndinadziuza kuti ukalamba wayamba kundisokoneza.

Pansi pa gawo lachitatu panali funso. Wolembayo anati miyala imeneyi ikutchula ana amene mlezi analera, amene atakula anamuikira chiliza pomuthokoza. Nanga mwana wake wa mleziyo, amene anabereka kuti mkaka utuluke, ankaleredwa ndi yani, ndipo chiliza chake chili kuti? Masamba otsatira anali kusakasaka ana amenewo mwala ndi mwala. Ine ndinali nditaphunzitsa zimenezi zaka zambirimbiri, koma funso limenelo linali lisanandifikepo m'mutu.

Mawa lake masana ndinamuimbira Nura pa kompyuta, ndinamuuza kuti ayatse kamera. Tinkayankhula Chingerezi.

"Nura, ntchito yako ndi yabwino kwambiri. Wakuphunzitsa kupinda pepala chonchi ndani?"

"Ndinaona pa intaneti, aphunzitsi."

"Pa intaneti pati? Unditumizire ndikaone nanenso."

Anayang'ana pansi, n'kumakonzakonza mpango wake. Nthawi yomweyo kamng'ono kake, kamtsikana ka zaka ngati zitatu, kanalowa kakuthamanga n'kuyamba kukoka chingwe cha laputopu. Kumbali, kumene kamera sinkaona, kunamveka mawu a mzimayi, otsika koma omveka: "Iwe, tasiya zimenezo! Yalla, tiye kunja."

Chingerezi chinandithawa. Ndinangofuula m'Chichewa kuti, "Kodi ali kumbaliko ndani?"

Nura maso ali tong'o. Kenako munthu uja anasendera pang'onopang'ono mpaka nkhope yake inalowa mu kamera. Anali atavala yunifolomu yotuwa ya antchito a m'nyumba, kamwana kaja atakanyamula m'chiuno.

"Ndine, Madamu," anatero. "Ndine Felesiya."

Sindikudziwa amene anadula foniyo. Mwana amene a Jere ankati adzatilowa m'malo anali mumzinda womwewu, akukolopa m'nyumba ya mwana wa m'kalasi mwanga. Ndinalira, ndipo nditamaliza kulira ndinapsa mtima. Ndinatsegula kompyuta n'kuyamba kulemba kalata yomuneneza Nura ku makoleji onse atatu. Ndinaisiya yosatumiza.

Ku Al Warqa

M'mawa mwake mayi ake a Nura anandiimbira, n'kundipempha mwaulemu kuti ndikawaone. Ndinakwera Metro, kenako takisi. Nyumba yake inali ya mpanda wautali, mkati mozizira ngati m'firiji. Tinakhala motalikirana, tonse titavala masiki, khofi ali pakati pathu wosamwedwa. Anali mzimayi wophunzira, wa mawu odekha. Ine ndinali nditakonzeka kuti akana, kapena anena kuti sankadziwa.

"Ndikudziwa zonse," anatero. "Ndine ndinamupempha Felesiya."

Anandifotokozera kuti amuna awo anagwidwa ndi korona n'kukhala m'chipatala milungu ingapo, ndipo Nura sankagona, sankadya. Tsiku lina Felesiya anamupeza akulirira pa laputopu, nayang'ana, n'kumuwerengera zimene zinali pamwalapo. Banja lonse linadabwa. Anali atakhala nawo zaka zinayi osadziwa kuti anapondapo ku koleji. Poyamba ankangomuthandiza, kenako ntchito yonse inagwera kwa iye.

"Ndiye inu simukuona cholakwika?" ndinafunsa, mawu atakwera.

"Ndikuchiona. Koma tamverani, aphunzitsi. Mukanena, Nura achotsedwa, ndipo bambo ake amva chifukwa chake. Mwana wawo amukhululukira, ndi mwana wawo. Koma sangalole kuti munthu amene dzina la banja lanyozekera chifukwa cha iye agonenso m'nyumba muno. Sindikukuopsezani. Felesiya timamukonda. Ndikungokuuzani mmene amuna anga alili."

Wolakwa akhale, wogwira ntchito achoke, ndipo mayiyo ankanena zimenezi modekha ngati akundiuza njira ya ku msika. Ndinapempha kuti ndionane ndi Felesiya patokha. Ananditengera kuseri, ku kachipinda kochapira zovala. Ndinamupeza akupinda matawulo. Atandiona anagwada pang'ono, monga mwa kwathu, ndipo ine ndinaiwala za mliri n'kumukumbatira.

"Iwe Felesiya, zaka zonsezi uli kuno?"

"Ndili kuno, Madamu. Ine ndinakudziwani kalekale, Lachiwiri loyamba lomwe. Ndinkasita pakhonde lam'kati, ndinangomva mawu, ndati awa ndi Mayi Patatu awa! Ayironi inatsala pang'ono kuwotcha diresi ya bwana." Anaseka, misozi ili m'maso. "Kuyambira pamenepo Lachiwiri lililonse ndimasitira pafupi ndi chitseko. A Jere akalamba, eti?"

"Bwanji osandiuza?"

"Ndikanayambira pati? Munandikwiyira."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinamufunsa ngati anachita kumukakamiza kulemba. Anati poyamba anachita kumupempha, koma kenako ankadikira nthawi yoti mwana agone masana ngati munthu wodikira Khirisimasi. Amakhala pansi m'chipinda chomwecho, makina ochapira akulira, n'kumalemba pabondo. Mapepala m'nyumbamo anali mbwee, koma dzanja linangopinda lokha, iye osaganizako n'komwe. Ana ake awiri anali ku Ntcheu kwa mchemwali wake, mayi ake anamwalira, bambo wa anawo anapita ku Joni osabwerera. "Wamkuluyo, amene munandikwiyira naye uja, ali sitandade 3. Wamng'ono ndinamusiya akuyamwa."

Ndinamugwira mkono. "Tamva, mwana wanga. Ntchito imeneyi ndi yako. Ndikauza a Jere ndi a Hendrik, tilembepo dzina lako. Anthu adziwe."

Nkhope yake inasintha. Anayang'ana kukhomo, natsitsa mawu.

"Ayi Madamu, chonde, ndagwira mwendo wanu. Dzina ana sangadye. Viza yanga ndi ya nyumba ino. Akangondikhansela kontirakiti, khalas, zonse zatha, ndipita kuti ndi korona ameneyu? Palibe akulemba ntchito panopa. Azibambo a kwathu ogwira ntchito ku Ras Al Khor awachotsa, angounjikana m'chipinda chimodzi kudikira tikiti. Ine kuno sandimenya, salare imabwera pa nthawi yake, foni amandilola. Anzanga amati ndili ndi mwayi. Inu ingosayinani, zithe."

"Ukundiuza kuti ndiname?"

"Ndikukupemphani kuti ana anga asachoke pa sukulu ngati ine."

Pobwerera ndinapitirira siteshoni yanga osazindikira. Ndinatsika kutsogolo n'kukhala pa benchi, masiki itanyowa.

Disembala 2020

Ndinagwira njakata milungu isanu ndi umodzi. Ndinaganiza zomuuza Nura kuti angosiya phunzirolo, koma mayi ake anati bambo ake afunsa, ndipo Nura satha kunama pamaso pawo. Ndinaganiza zomupezera Felesiya ntchito kwina, ndinafunsa amayi a ku tchalitchi pa foni, onse anati, "Aphunzitsi, nthawi ino? Amene ali pa ntchito agwiritse." Kalata yoneneza ija inali ikadali mu kompyuta. Tsiku lina ndinkaiwerenga n'kuona kuti ndi yoona liwu lililonse, tsiku lina ndinkaiona ngati mpeni. Pa nthawi yonseyi ntchito inkapitirira. Nura anataipa zimene Felesiya analemba, ndipo ine ndi dzanja langa ndinafufuta dzina, n'kuika nambala, n'kutumiza ku Malawi ndi ku Holland.

Malikisi atabwera, a Jere ndi a Hendrik, aliyense payekha, anaika kafukufuku wa alezi pamwamba pa onse. Wachiwiri anali mtsikana wa a Jere, amene analemba ntchito yake yonse pa foni yosweka galasi. Tinali titagwirizana kuti woyamba adzawerenge ntchito yake pa msonkhano wotsekera, pamaso pa akuluakulu a makoleji atatu. Ndikananena zoona, mtsikana ameneyo ndiye akanawerenga. Zimenezi ndinkazidziwa bwino, musaganize kuti sindinkadziwa.

A Jere anandiimbira ali ndi chimwemwe. "Amayi, mwatibisira mwana wotere? Funso lija la mwana wa mlezi! Zaka khumi sindinaone mutu ngati umenewu. Likundikumbutsa munthu wina wake, koma ndaiwala kuti ndani."

Ndinatsegula pakamwa, dzina lili pa lilime. Ndinati, "Netiweki ikuvuta, a Jere, sindikukumvani." Netiweki inali bwinobwino tsiku limenelo.

Fomu ija, imene ndinailemba ndekha, inakhala patebulo masiku atatu. Inkati ine mphunzitsi ndatsatira ntchitoyi kuyambira pachiyambi, ndipo ndikuchitira umboni kuti ndi ya wophunzira wotchulidwayo. Pa zaka zonse za uphunzitsi wanga ndinali ndisanawonjezerepo mwana malikisi ngakhale theka, ngakhale mwana wa abusa, ngakhale mwana wa mchimwene wanga amene mpaka lero sandipatsa moni bwino. Tsiku lachitatu m'mawa ndinasayina. Dzanja silinanjenjemere, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa koposa.

Pa msonkhano wotsekera Nura anawerenga, akuphunthwaphunthwa, maso osadzutsa. A Hendrik anawomba m'manja. Mtsikana wa a Jere anamuyamikira ndi mtima wonse, n'kumufunsa kuti funso lotere analiganiza bwanji. Nura anati sakudziwa. Ine ndinazimitsa kamera yanga. Mu Januwale ndinalemba kalata yosiya ntchito, chifukwa sindikanathanso kuima pamaso pa ana n'kumawauza za kubera. Nura naye phunzirolo sanalipitirize. A Jere sindinawauze mpaka lero, adzawerenga pano ngati inu, ndipo akadzandikwiyira adzakhala akulondola. Ngati ndinachita bwino kapena ndinalakwa, sindikudziwa. Masiku ena ndimati ndinapulumutsa ana awiri a ku Ntcheu, masiku ena ndimati ndinathandiza anthu olemera kudya thukuta la mwana wanga, n'kuberanso mtsikana uja wa a Jere. Zonse ziwiri ndi zoona.

Tsiku lotsatira msonkhano uja, masana, foni yanga inalira. Anali Felesiya, akunong'ona, makina ochapira akumveka kumbuyo.

"Madamu, ndimati ndithokoze. Bwana wamwamuna sanadziwe kanthu. Andiuza kuti kontirakiti andiwonjezera zaka ziwiri."

"Chabwino, mwana wanga," ndinatero.

Ndinkaganiza kuti atsanzika.

"Madamu, ndifunse nawo. Nura sanandiuze, ndipo ine sindingamufunse. Kodi ndinakhoza bwanji?"

Lamulo lina la makoleji atatu linkati zotsatira auzidwe mwini ntchito yekha. Pa malamulo onse aja, limeneli lokha ndi limene ndinasunga.

"Unakhala nambala wani, Felesiya. Pa makoleji onse atatu."

"Ndi azungu omwe?"

"Ndi azungu omwe. A Jere anati zaka khumi sanaone mutu ngati umenewo."

Ndinkangomva kupuma kwake, ndi makina aja akuzungulira.

"Munenenso, Madamu."

Ndinanenanso, pang'onopang'ono, liwu lililonse. Kenako chapatali kunamveka kulira.

"Mwana wadzuka," anatero. "Ndikamusambitse."